Reverb ikumiza mawu a woyimba wanga, ndithandizeni

Limbani:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo kwa masabata atatu tsopano. Ndimajambulira kuchipinda kwanga, maikolofoni yanga ndi ya condenser, AT2020, ndipo ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya FL Studio. Biti ikamalira payokha imamveka bwino. Mawu nawo ndikawamvera paokha sakhala oipa. Koma ndikangoika reverb, kulira kuja komveka ngati munthu akuyimba m'holo, basi zonse zasokonekera. Woyimba amamveka ngati ali pansi pa chitsime, zomwe akunena sizimveka, biti imamukwirira. Ndikaichotsa, mawu amauma gwa, amakhala ngati angomatidwa pamwamba pa nyimbo. Ma preset a Fruity Reeverb 2 ndayesa pafupifupi onse. Kodi vuto ndi plugin imeneyi? Ndigule ina? Nyimbo yake ili pa 100 BPM, kugunda 100 pa mphindi.

Yamikani:
Musagule kanthu kaye achimwene. Reverb mwaiika pati? Pa tchanelo ya mawu penipeni kapena pa send?

Limbani:
Pa tchanelo ya mawu penipeni, ikubwera pambuyo pa compressor. Wet ndimaisiya cha pakatikati.

Yamikani:
Eee, apo ndiye pali vuto loyamba. Wet ya pakati pa tchanelo ya woyimba wamkulu ndi yochuluka zedi. Tsegulani tchanelo ina yopanda kanthu mu mixer, muike reverb pamenepo, dry (mawu enieni) muizimitsiretu, wet (kulira kwa reverb) ikhale yonse. Kenako mawu muwatumize kumeneko pang'onopang'ono, imeneyo ndiye send. Mukatero mawu enieni amakhala osakhudzidwa, reverb imakhala ndi fader yakeyake, ndipo mutha kuipanga EQ payokha, kudula kapena kukweza mawu a pansi ndi a pamwamba, osaononga woyimba.

Madalitso:
Zomwe anena a Yamikani ndi zoona, koma tisanafike ku plugin, a Limbani, tiponyereni mawuwo paokha. Masekondi khumi okha, opanda reverb, opanda EQ, opanda compressor. Ndikufuna ndimve chipinda chanu.

Limbani:
Ndaponya akulu. Ndi vesi yoyamba.

Madalitso:
Ndamvera ndi mahedifoni katatu. Mwana wa amayi, mawu anuwa ali ndi reverb kale, ndipo si yabwino. Mverani pomwe woyimba watchula mawu omaliza a mzere wachiwiri n'kupuma. Pali kamchira kafupi, kolira ngati munthu akulankhulira m'ndowa. Chimenecho ndi chipinda chanu. Ndiye mukamaika reverb ya plugin, mukuika reverb pamwamba pa reverb inzake, ndipo plugin ikutenga kulira kwa m'ndowa kuja n'kukutalikitsa.

Chitani ichi lero lomwe. Imani pomwe woyimba amaima, muombe m'manja kamodzi mwamphamvu, kenako mukhale chete. Mukamva kuti "trrr" ngati kachitsulo kakunjenjemera, dziwani kuti mawu akugunda khoma ili n'kubwerera khoma linalo mobwerezabwereza. Makoma awiri oyang'anizana opanda kanthu ndiwo amachita zimenezi.

Chifukwa chake n'chakuti mawu amathamanga mamita 343 pa sekondi, kutanthauza masentimita 34 pa millisecond imodzi. Khoma likakhala mita imodzi kuchokera pa maikolofoni, mawu amapita n'kubwerera mu ma millisecond 6 okha. Khutu silimva zimenezo ngati mawu achiwiri. Limaziphatikiza ndi mawu oyamba, ndiye ma frequency ena amafafanizana, ena amakwera. Ndiko kumveka kwa m'bokosi kuja. Compressor yanu nayo ikuonjezera moto, chifukwa imatsitsa mawu okwera, inu n'kukweza zonse pamodzi, chipinda chija n'kubwera patsogolo.

Limbani:
Ndaomba m'manja. "Trrr" uja alipo, womveka bwinobwino. Chipindacho muli bedi, tebulo ndi mpando basi. Pansi mulibe kapeti. Ndimamuimika woyimba pakona poganiza kuti ndiye kobisika.

Thokozani:
Pakona ayi achimwene, mumuchotsepo. Pamenepo ndi pomwe mawu a besi amaunjikana.

Ine ndine woyimba, ndimadzijambula ndekha kunyumba, ndiye ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Chaka chonse ndinkapachika bulangete kumbuyo kwa maikolofoni, ine n'kumayimba moyang'ana bulangetelo. Kusintha kunalipo koma kochepa. Tsiku lina ndinawerenga kapepala ka maikolofoni yanga n'kuona kachithunzi kooneka ngati mtima kaja, kosonyeza mbali yomwe imamva. Maikolofoni ya cardioid kumbuyo kwake simva kwenikweni. Imamva kutsogolo, ndipo kutsogolo kwakeko kuli ineyo ndi khoma lomwe lili kumbuyo kwanga. Ndiye khoma lomwe ndimayenera kuphimba linali la kumsana kwanga.

Ndinatsegula zitseko zonse ziwiri za wadiropu, yodzaza zovala, n'kuima moifulatira, msana utatsala pang'ono kukhudza majekete. Pazitseko ziwirizo ndinakolekapo mabulangete okhuthala, kumanja ndi kumanzere, ndipo pansi ndinayala kapeti. Nditajambula mzere umodzi n'kuumvera, ndinamva milomo yanga ikutseguka ndisanatchule liwu loyamba. Chinthu chimenecho ndinali ndisanachimvepo pa zojambula zanga. Usiku umenewo reverb yomweyo yomwe ndinkaida inamveka bwino, osasintha setting ngakhale imodzi.

Koma musalowe m'kati mwa wadiropu n'kutseka chitseko. Ndinayesa. Zovala zimameza mawu a pamwamba, a pansi amatsala momwemo, ndiye umamveka ngati wavala chigoba kumutu.

Chimwemwe:
Pepani ndilowerere. Nanga matileyi a mazira omwe anthu amamata kukhoma aja? Ndasonkhanitsa ambiri ndithu.

Pilirani:
Musavutike nawo a Chimwemwe. Amafanana ndi siponji ya mu situdiyo pa maonekedwe okha. Chomwe chimameza mawu ndi chinthu chofewa, chokhuthala, choti mpweya uzilowa m'kati mwake. Mawu a 5 kHz funde lake ndi lalitali masentimita 7 okha, ndiye kanthu kopyapyala kamatha kuligwira. Koma a 100 Hz funde lake ndi mamita 3.4. Kapepala ka mazira kangatani pamenepo? Ngakhale siponji yopyapyala imangochotsa kuwala kwa mawu n'kusiya "buu" yense. Matiresi oimika kukhoma amaposa zonsezi kutalitali. Komanso mapepala ouma omata khoma lonse pafupi ndi mawaya a magetsi ndi ngozi ya moto.

Limbani:
Ndamva. Ndiye ndijambulenso? Woyimbayo amakhala kutali, kumupeza si kwapafupi. Ndinamva kuti pali ma plugin ochotsa reverb.

Pilirani:
Alipo, monga De-reverb ya mu iZotope RX. Imathandiza mukaigwiritsa pang'ono. Mukaikakamiza, mawu amayamba kumveka ngati akuchokera m'madzi. Ndiponso ma reflection a pafupi kwambiri omwe a Madalitso akunena aja ndi ovuta kuchotsa, chifukwa alowerera m'mawu enieniwo.

Madalitso:
Ngati nyimboyo mukuikonda, muitaneni. Mumuimike masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pa maikolofoni, pop filter pakati. Akayandikira, mawu ake amaposa chipinda. Akayandikitsitsa, besi imachuluka chifukwa maikolofoni za cardioid zimatero, koma imeneyo mumaidula ndi EQ mosavuta. Chipinda ndiye simungachidule.

Pakadali pano tiyeni tiphunzire ndi mawu omwe muli nawowa, kuti akadzabwera mudzakhale mutadziwa chochita.

Mwapanga send ija?

Limbani:
Ndapanga. Pasintha kale, woyimba wabwerako patsogolo. Koma matope akadalipo, makamaka kick ndi besi zikalowa.

Madalitso:
Tsopano ikani EQ pa tchanelo ya reverb, ikhale patsogolo pa reverb yo. Dulani zonse za pansi pa 600 Hz ndi zonse za pamwamba pa 10 kHz. Anthu amaitcha njira ya Abbey Road, chifukwa ku situdiyo ya ku London imeneyo ankasefa mawu chomwecho asanawatumize ku zipinda zawo za echo. Mawu a pansi akalowa mu reverb amakangana ndi besi ndi kick, ndiwo matope mukunenawo. A pamwamba akalowa, "s" aliyense amathovoka ngati madzi pa chiwaya chamoto.

600 si lamulo. Kwa mwamuna wa mawu aakulu nthawi zina ndimatsika mpaka 300 kapena 400 kuti reverb isapyapyale kwambiri. Pamwamba ine ndimadula mpaka 7 kHz kawirikawiri. Yambirani pa manambala amenewo, khutu likuuzani kolowera.

Yamikani:
Ine ndinena zomwe ndimachita, ngakhale ndikudziwa kuti madala sagwirizana nazo. Pa woyimba wamkulu ndinasiya kudalira reverb. Ndimaika delay, yomwe imabwereza mawu pakapita kanthawi. Nyimbo zambiri za masiku ano mawu amakhala pafupi, ngati munthu akukunong'oneza kukhutu. Reverb imamukankhira kumbuyo, pomwe delay imamupatsa malo osamusuntha. Slapback, delay yaifupi yobwereza kamodzi, ya ma millisecond 80 mpaka 120, feedback ziro, yotsitsidwa mpaka usamaizindikire, mawu amanenepa pompo. Ndiye ya pa biti, quarter kapena eighth, yosefedwa kwambiri. Reverb imabwera pamapeto, kadontho chabe.

Madalitso:
Sindikukana, mphwanga. Slapback yo ndi yakale kuposa tonsefe, Sam Phillips ankaichita ndi makina a tepi ku Sun Studio ku Memphis m'zaka za m'ma 1950. Pa rap ndi nyimbo zothamanga ndimachita ngati iweyo. Koma woyimba wa a Limbani amakoka mawu, amasiya mipata. Nyimbo yotere delay yokha imaisiya ndi mabowo. Mpata pakati pa mizere umafuna kudzazidwa ndi chinthu chosalala, ndipo chimenecho ndi plate.

Limbani:
Plate ndiye chiyani kwenikweni? Ndimangoiona pa ma preset pamodzi ndi hall, room ndi chamber.

Madalitso:
Funso limeneli ndimalikonda, mundilole ndichedwepo.

Kale kunalibe plugin. Ofuna reverb ankamanga chipinda chopanda kanthu, cha makoma osalala olimba, n'kuikamo sipika mbali ina, maikolofoni mbali ina. Mawu a woyimba ankawatumiza ku sipika ija, maikolofoni n'kutola kulira kwa chipindacho, n'kubwerera ku mixer. Imeneyo ndiye chamber. Ku Capitol Studios ku Hollywood zipinda zotere anazikumba pansi pa nthaka. Muone kuti mawu akuti send ndi return anachokera kumeneko, mawu ankatumizidwadi kuchipinda china n'kubwerako.

Mu 1957 kampani ya ku Germany ya EMT inatulutsa EMT 140. Ndi chitsulo chopyapyala chachikulu, pafupifupi mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, chopachikidwa m'bokosi. Mawu amachinjenjemeretsa, ma pickup n'kutola kunjenjemerako. Bokosi lonse linkalemera makilogalamu oposa 250. Chitsulo chilibe makoma, ndiye simumva ma reflection apaokhapaokha ngati a m'chipinda. Kulira kwake kumadzaza nthawi yomweyo, kosalala, kowala. N'chifukwa chake imakhala bwino pa mawu, imamuveka woyimba osakuuza kuti ali m'chipinda chamtundu wanji.

Za digito zinabwera pambuyo, EMT 250 mu 1976, Lexicon 224 mu 1978. Hall imatsanzira holo yaikulu, imachedwa kudzaza ndipo mchira wake ndi wautali. Room ndi kachipinda kakang'ono, kafupi. Preset yomwe mumasankha ija ndikukhulupirira inali hall ya masekondi atatu kapena anayi, ndi chifukwa chake chitsime.

Limbani:
Zoona akulu, decay inali pa 3.8.

Pilirani:
Ndiye tiwerengere pamodzi. Gawani 60,000 ndi BPM, mupeza kutalika kwa kugunda kumodzi mu ma millisecond. Pa 100 BPM ndi 600, imeneyo ndiye quarter. Eighth ndi 300, sixteenth ndi 150, kenako 75, kenako 37.5. Bar imodzi ya kugunda kunayi ndi masekondi 2.4.

Decay yanu ya 3.8 ndi yoposa bar imodzi ndi theka. Woyimba akamayamba mzere wachiwiri, woyamba ukadali kulira, wachitatu ukamabwera mwaunjika itatu. Yesani 1.2, yomwe ndi theka la bar, kapena 1.8. Nambala ya decay imanena nthawi yomwe kulira kumatenga kuti kutsike ndi ma decibel 60. Muyeso umenewu anauyamba ndi Wallace Sabine wa ku Harvard chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, yemwe anathandiza pokonza Symphony Hall ya ku Boston. Mu nyimbo yodzaza zida simumva mchira wonsewo, mumangomva chiyambi chake, koma wotsalawo umakhalapobe n'kumadetsa mix.

Chachiwiri ndi pre-delay, yomwe ambiri saikhudza n'komwe. Ndi kampata pakati pa liwu ndi chiyambi cha reverb. Ikakhala ziro, reverb imagwera pa liwu lomwelo n'kuphimba makonsonanti, ndiye zomwe munthu akunena sizimveka. Mukaika ma millisecond 37 kapena 75, liwu limatuluka loyera kaye, reverb n'kutsatira. Ubongo umamva kuti munthuyu ali pafupi nane koma ali m'malo aakulu.

Yamikani:
Apa pokha ndimasiyana nanu a Pilirani. Delay inde iyenera kukhala pa biti. Koma pre-delay ndi decay kuwerengera masamu, ine ndinaona kuti sizipindula kwenikweni. Ma plugin awiri pa 1.8 yomweyo samveka kutalika kofanana. Ndimangotseka maso n'kumapotokola mpaka mchira uzitha mzere wotsatira usanayambe.

Pilirani:
Sitikusiyana kwambiri. Masamuwo ndi poyambira kwa munthu yemwe khutu lake silinazolowere. Inuyo mwapotokola zaka zingati? A Limbani akufuna pogwira lero.

Limbani:
Abale, ndaika plate, decay 1.6, pre-delay 60, EQ ija patsogolo. Ndakhala ndikuibwereza vesiyi kosaleka. Mawu onse akumveka tsopano, ngakhale pomwe amayimba motsitsa. Chatsala ndi "s". Akati "usiku" reverb imachita "tsss" mpaka mzere wotsatira.

Thokozani:
Limenelo ndi vuto langa la tsiku ndi tsiku, mano anga ali ndi kampata. De-esser, yochepetsa "s", ndimaika ziwiri. Yoyamba pa mawu enieni, yopepuka, cha pakati pa 5 ndi 8 kHz, kuti ndisamveke ngati ndaluma lilime. Yachiwiri pa tchanelo ya reverb, isanafike reverb, ndipo imeneyo ndimaikanikiza mopanda chisoni. Palibe amene amamva kuti reverb ilibe "s", koma aliyense amamva ikakhala nayo yambiri.

Pojambula, mupendeketse maikolofoni pang'ono kuti isayang'ane pakamwa ndendende, kapena muikweze ifike cha pamphuno. Mpweya wa "s" ndi "p" umadutsa pambali.

Chimwemwe:
Nanga Auto-Tune imakhala pati pa mndandandawu? Ine ndimaiika pamapeto ndipo nthawi zina imalira modabwitsa.

Yamikani:
Koyambirira aise, isanafike china chilichonse. Imafuna kumva noti imodzi yoyera kuti idziwe poikokera. Ukaipatsa mawu okhala ndi reverb kapena delay, imamva noti yakale ndi yatsopano nthawi imodzi n'kusokonezeka. Ndi chifukwa chinanso chosajambulira m'chipinda cholira. Ine mndandanda wanga ndi tuning, EQ yodula zoipa, compressor, de-esser, EQ yokometsera, kenako ma send. Ndipo uonetsetse kuti key waika yolondola, theka la mavuto a Auto-Tune ndi key yolakwika.

Thokozani:
Ndilankhuleko m'malo mwa oyimba, poti opanga mabiti mumaiwala. Munthu akavala mahedifoni n'kudzimva wouma, amachita mantha. Kolakwika kalikonse kamamveka, ndiye amayamba kudzigwira, mawu osatuluka. Mumupatse reverb m'mahedifoni pomwe akuyimba. Ndinajambulapo kwa munthu wina yemwe anakana, akuti iononga zojambula. Ndinayimba maola awiri ngati ndikuwerenga kalata, ndinabwerera kunyumba mtima uli pansi. Chonsecho ikakhala pa send simalowa mu zomwe zikujambulidwa, imangomveka m'makutu mwa woyimba.

Isachuluke, chifukwa ikachuluka sudzimva ngati wachoka pa noti. Komanso mahedifoni akhale otseka kumbuyo kuti biti isadontherere mu maikolofoni.

Pilirani:
Ndionjezere pa za achemwali. Mukamamupatsa reverb kudzera mu kompyuta, tsitsani buffer, yomwe ikakula imachedwetsa mawu. Pa 44.1 kHz, ma sample 128 ndi ma millisecond pafupifupi 3, pomwe 1024 ndi 23, ndipo ulendo wolowa ndi wotuluka ukaphatikizana zimaposa pamenepo. Woyimba akamadzimva mochedwa chomwecho amasokonekera pa biti. Pojambula buffer yaing'ono, pomikisa muikwezenso kuti kompyuta ipume.

Madalitso:
A Limbani, popeza mwafika apa, pali kanthu kena komwe kadzakusangalatseni. Ikani compressor pambuyo pa reverb, muipange sidechain kuchokera ku mawu a woyimba. Mu FL Studio, Fruity Limiter imachita zimenezi mukaiika pa COMP. Woyimba akamayimba, reverb imatsika ndi ma decibel atatu kapena anayi. Akangopuma, imakwera n'kudzaza mpata uja. Release muiike cha pa 200 mpaka 300 ms kuti isadumphe ngati yadzidzimuka. Mukatero mutha kukhala ndi mchira wautaliko pa kolasi osataya liwu ndi limodzi lomwe.

Koma chomwe chimasiyanitsa mix yamoyo ndi yakufa ndi automation, kusinthasintha ma setting nyimbo ikamayenda. Vesi ikhale youma, munthu akhale pafupi. Kolasi ikafika, kwezani send ndi ma decibel awiri kapena atatu, nyimbo imatseguka ngati mwakankha zenera. Anthu ambiri amaika reverb imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, khutu limaizolowera pakangotha masekondi makumi awiri, kenako imangokhala chifunga.

Yamikani:
Ndipo pamenepo ndi pomwe delay yanga imalowera! Liwu lomaliza la mzere, lokhalo, mulitumize ku delay ya quarter, 600 ms pa nyimbo yanuyi, feedback yoti libwereze katatu n'kuzimirira. Akatswiri a dub ku Jamaica, monga King Tubby, ankachita zimenezi ndi manja pa mixer m'zaka za m'ma 1970. Ife timangojambula kamzere ka automation. Delay yo muitumizenso pang'ono ku reverb kuti kubwerezako kuzimka kutali. Osachita pa mzere uliwonse, kawiri kapena katatu mu nyimbo yonse.

Ofuna zaulere zoyesera, Valhalla Supermassive ndi yaulere, ndi yabwino pa michira italiitali ya ma adlib. Pa woyimba wamkulu ndi yaikulu kwambiri, musaiyambire.

Limbani:
Funso lomwe ndakhala ndikulisunga: ndidziwa bwanji kuti yakwana? Ndikamvera kwa ola limodzi ndimangoonjezera, m'mawa ndikadzuka ndimapeza yasefukira.

Madalitso:
Musaiyese mawu ali pa solo, nthawi zonse biti izilira. Kwezani send mpaka muimve bwinobwino, kenako tsitsani mpaka muyambe kukayika ngati ilipo. Mukafika pamenepo zimitsani tchanelo ya reverb. Mukamva kuti nyimbo yagwa, yauma, ndiye kuti inali pamalo pake, yatsaninso. Mukapanda kumva kusiyana, kwezani pang'ono.

Musiyenso kampata ka mastering. Limiter ikamakanikiza nyimbo yonse, zinthu za pansipansi zimakwera, michira ya reverb ndi imodzi mwa izo. Yomwe inali yokwana mu mix imatuluka yochuluka.

Za kuonjezera pakatha ola zija, ndi khutu lotopa. Dzukanipo mphindi khumi. Muikenso mu project yanu nyimbo imodzi yomwe mumaikonda ya mtundu womwewo, muitsitse ifanane mphamvu ndi yanu, muzisinthanitsa. Mudzadabwa kuona kuti mawu a akatswiri ndi ouma kuposa momwe mumaganizira.

Thokozani:
Ndipo muimvere pa foni, pa sipika yake yomweyo. Anthu ambiri adzaimvera pamenepo.

Pilirani:
Eya, ndi pa mono. Pa master pali kabatani ka stereo separation, kapotokoleni mpaka zonse zikhale pakati. Reverb yotambalala kumanja ndi kumanzere ikaunjikidwa pakati imasintha, ina imazimirira, ina imagwera pa woyimba. Choopsa kwambiri ndi ma stereo widener ndi kachenjerero kochedwetsa mbali imodzi ndi ma millisecond 10 kapena 20 kuti mawu atambalale. M'mahedifoni zimakoma, pa mono mawu amapyapyala ngati akudutsa mu paipi. Mukafuna kutambalala kwenikweni, woyimba ayimbe kolasi kawiri kapena katatu, zinazo muziike kumanja ndi kumanzere.

Mahedifoni amaonetsa reverb kwambiri kuposa masipika, ndiye musadalire chimodzi.

Limbani:
Ndabweranso abale, papita masiku asanu. Woyimba anabwera dzulo. Ndinaimika matiresi kukhoma kumbuyo kwake, mabulangete awiri m'mbali, kapeti pansi, ndipo tinachoka pakona paja. Ndinaomba m'manja tisanayambe, "trrr" uja kulibe. Ndinamuikira plate pang'ono m'mahedifoni monga ananenera achemwali a Thokozani. Atangoyimba mzere woyamba anaima n'kufunsa ngati ndagula maikolofoni ina. Kolasi anaimenya katatu kokha, yonse yabwino.

Mix ndaponya pamwambapa. Plate ili pa 1.6, pa kolasi ndakweza send. Delay ndaiponya pa mawu awiri okha. Chomwe chikundivuta pano ndi mawu othandizira. Ndawatumiza ku reverb yomweyo koma akulimbana ndi woyimba wamkulu, onse akufuna kukhala patsogolo.

Madalitso:
Ndamvera. Vesi yachiwiri ija, pomwe biti imatsika n'kutsala piyano, tsitsi linandiimirira. Mwagwira ntchito.

Othandizirawo apangireni reverb yawo. Pre-delay ikhale yaifupi, 10 kapena ziro, decay yotalikirapo, ndipo muwatumize kwambiri kuposa wamkulu. Pre-delay yaifupi imawakankhira kumbuyo. Pa mawu awo enieni dulani pansi mpaka 200 Hz, mutsitsenso pang'ono cha pa 3 kHz pomwe wamkulu amamvekera. "S" wawo mumudule kwambiri, chifukwa anthu atatu akatchula "s" nthawi zosiyana pang'ono zimamveka ngati tsache.

Pa 1:42 pali mpweya womwe wakoka mwamphamvu ndipo ukulowa mu delay. Musaufufute, ukukoma, ungotsitsani pa send yokha.

Yamikani:
Delay ya pa liwu lomaliza la kolasi ija ndi yabwino, koma kubwereza kwachitatu kukugundana ndi poyambira vesi. Tsitsani feedback pang'ono kapena muidule ndi automation vesi isanalowe. Ndipo slapback simunaiyesebe, ndikudikira.

Thokozani:
Mumuuze woyimba wanuyo kuti noti yaitali ya kumapeto anaigwira bwino kwambiri. Funso langa: othandizirawo anayimba ataima pomwe anaima poyimba mawu aakulu? Ulendo wina adzabwerere m'mbuyo phazi limodzi kapena awiri, amakhala kumbuyo okha musanakhudze plugin.

Limbani:
Anaima pomwepo achemwali, sindinaganizeko. Abweranso Loweruka kudzajambula nyimbo yachiwiri, tidzayesa. Imeneyo ndi yothamanga, 128 BPM, ndiye a Yamikani slapback yanu ndiyambira pamenepo. A Pilirani, quarter yake ndapeza 469, ndawerengera bwino?

Pilirani:
468.75, mwalondola. Eighth ndi 234. Pa liwiro limenelo decay muyambire pansi pa sekondi imodzi, mutiponyere timve.